Khoswe wakhala pamkhate: njira zothandizira Abahai a ku Iran

Ku Iran alipo eni masitolo amene amadzuka m'mawa n'kupeza akuluakulu a boma atamata chidindo pachitseko cha sitolo yawo. Sanabe, sanazembe msonkho. Mlandu wawo ngwakuti anatseka sitoloyo tsiku limodzi posunga tsiku lopatulika la chipembedzo chawo cha Bahai. Mwana wa m'banja lotere amalemba mayeso olowera ku yunivesite, koma tsiku la zotsatira amangouzidwa kuti mapepala ake ndi osakwanira, ndipo palibe ofesi imene imamuuza chomwe chikuperewera. Gogo akamwalira, abale amayamba alimbana kaye ndi boma kuti awalole kuika maliro mwa mwambo wawo.

Ambiri akamva izi amafunsa kuti bwanji mayiko osangoleka kuchita malonda ndi Iran mpaka nkhanzazi zitatha. Funsoli limachokera mu mtima wabwino ndipo sindilipeputsa. Koma ziletso za malonda, zomwe abale athu a ku Zimbabwe amazidziwa bwino ndi dzina loti masankishoni, ndi njira imodzi chabe mwa zingapo zimene zayesedwa pa zaka zoposa 40. Ine ndiziyeza zonse ndi muyezo umodzi: kodi njirayo imamufika munthu amene amasaina lamulo lotseka sitolo ija, kapena imagwera mwini sitolo yemweyo?

Kumene nkhanzazi zikuchokera

Chipembedzo cha Bahai chinabadwira ku Iran komweko. Mu 1844 mnyamata wamalonda wa ku Shiraz, wodziwika ndi dzina laulemu loti Báb, analengeza uthenga watsopano, ndipo mu 1850 anawomberedwa ku Tabriz. Bahá'u'lláh, amene Abahai amakhulupirira kuti ndi mtumiki wa Mulungu wa nyengo ino, anapirikitsidwa ku Iran, nasamutsidwa kuchoka ku Baghdad kupita ku Constantinople, kenako ku Adrianople, mpaka mu 1868 pamene ufumu wa Ottoman unakamutsekera mumzinda wa Akka. N'chifukwa chake malo opatulika ndi likulu la Abahai zili ku Akka ndi ku Haifa. Dziko la Israel linadzakhazikitsidwa patapita zaka 80, mu 1948, komabe makhoti a ku Iran amatenga malo amenewa ngati umboni wakuti Abahai ndi akazitape a Israel.

Muzu weniweni wa chidanichi uli pa chiphunzitso. Atsogoleri achipembedzo amene akulamula Iran amati pambuyo pa Mneneri Muhammad sipangabwerenso mtumiki wina, choncho kwa iwo Mbahai ndi wopanduka basi. Malamulo aakulu a dzikolo a mu 1979, pa ndime 13, amavomereza Azoroasta, Ayuda ndi Akhristu okha ngati zipembedzo zazing'ono. Abahai, omwe alipo pafupifupi 300,000 ndipo ndi ochuluka kuposa gulu lina lililonse losakhala lachisilamu ku Iran, sanatchulidwemo. Koma wina asatenge nkhaniyi ngati mlandu wa Asilamu onse. Loya Shirin Ebadi, yemwe ndi Msilamu, anaimira atsogoleri a Abahai omwe anamangidwa mu 2008 pa mlandu wawo. Mu 2008 Ayatollah Montazeri, mmodzi mwa akuluakulu achipembedzo olemekezeka kwambiri ku Iran, ananena poyera kuti Abahai ndi nzika za dzikolo ndipo ali ndi ufulu wa nzika.

Boma latsopano lachisilamu litangolowa mu 1979, Abahai oposa 200 anaphedwa. Mu Ogasiti 1980 mamembala onse 9 a bungwe lawo lalikulu anagwidwa ndipo sanaonekenso. Mwa amene anasankhidwa m'malo mwawo, 8 anaphedwa mu Disembala 1981. Pa 18 Juni 1983 amayi ndi atsikana 10 ananyongedwa ku Shiraz, wamng'ono pa onsewo ndi Mona Mahmudnizhad wa zaka 17, amene ankaphunzitsa ana zachipembedzo. Kenako njira inasintha. Mu 1991 boma linalemba chikalata chachinsinsi, chovomerezedwa ndi mtsogoleri wamkulu Ali Khamenei, cholamula kuti chitukuko cha Abahai chitsekedwe: achotsedwe m'mayunivesite, asapatsidwe ntchito akadziulula, asafike pa udindo uliwonse. Chidindo cha pachitseko cha sitolo chija chinabadwa m'chikalata chimenechi.

Ziletso za malonda pa dziko lonse

Choyamba kudziwa n'chakuti ziletso zazikulu zomwe Iran yakhala nazo sizinaikidwe chifukwa cha Abahai. America inatseka ndalama ndi katundu wa boma la Iran mu Novembala 1979 chifukwa cha ogwira ntchito ku ofesi ya kazembe wake ku Tehran amene anagwidwa ukapolo. Mu 1995 Bill Clinton analetsa makampani a ku America kuchita malonda ndi Iran pa nkhani ya uchigawenga ndi zida. Ziletso za United Nations za 2006 mpaka 2010 zinali za nyukiliya, chimodzimodzi zija za 2012 pamene mayiko a European Union analeka kugula mafuta a Iran ndipo mabanki ake anadulidwa pa njira yotumizirana ndalama ya SWIFT. Ngakhale zili choncho, zaka zimenezi zimatipatsa mwayi woona ngati moyo wa Mbahai umasintha chingwe chikamangika kapena chikamasuka.

Mu 2012, ziletso zitafika pachimake, atsogoleri 7 a Abahai omwe anamangidwa mu 2008 anali akadali m'ndende, pamodzi ndi aphunzitsi a sukulu yaukachenjede ya Abahai amene anagwidwa mu 2011. Mu 2014 asilikali a Revolutionary Guards anayamba kufukula manda akale a Abahai ku Shiraz, komwe kunagona amayi aja a mu 1983. Pangano la nyukiliya la pakati pa Iran ndi mayiko amphamvu litasainidwa mu Julayi 2015 ndipo ziletso zitachepa mu 2016, masitolo anapitirira kutsekedwa, ndipo atsogoleri 7 aja anatuluka mu 2017 ndi 2018 chifukwa choti zaka zawo 10 zinakwana. Donald Trump atatuluka m'panganolo mu Meyi 2018 n'kubwezera ziletso zowawa kwambiri, zinthu sizinapepuke. Pa 31 Julayi 2022 Mahvash Sabet ndi Fariba Kamalabadi, awiri mwa 7 aja, anamangidwanso n'kupatsidwa zaka zina 10. Mwezi wotsatira, nyumba za Abahai zinagumulidwa ndi minda kulandidwa m'mudzi wa Roshankouh, chigawo cha Mazandaran. Chingwe chinamangika, chinamasuka, chinamangikanso, koma chikalata cha 1991 sichinagwedezeke.

Nanga amalipira ndani? Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, chifukwa ukamuponyera chibonga uswa mkhate. Ziletso za dziko lonse zimagwetsa ndalama ya Iran, zimakweza mitengo, zimapha mabizinesi ang'onoang'ono. Mbahai sangalembedwe ntchito m'boma, ndipo ambiri analandidwa penshoni. Chomwe chinamutsalira ndi kasitolo ka magalasi a maso, kagalaja, kapena munda. Anthu akasowa ndalama, woyamba kugwa ndi iyeyo, pomwe magulu oyandikana ndi boma, amene ali ndi madoko ndi njira zozembetsera katundu, amalemera ndi kusowa komweko. Pa mankhwala, malamulo amati mankhwala ndi chakudya n'zololedwa, koma mabanki ambiri amangokana chilichonse chokhudza Iran poopa chindapusa. Bungwe la Human Rights Watch linaonetsa mu 2019 kuti odwala khansa ndi matenda ena osowa ankavutika kupeza mankhwala pa chifukwa chimenechi. Mwa odwalawo muli Asilamu, Akhristu ndi Abahai omwe.

Palinso ngozi ina imene imandidetsa nkhawa kuposa zonsezi. Boma limene lakhala likuuza anthu ake kuti Abahai ndi zala za adani akunja lingasangalale kwambiri litamva mayiko akulengeza kuti mafuta a Iran aletsedwa chifukwa cha Abahai. Tsiku lomwelo mayi amene walephera kugula nyama adzauzidwa kuti wamulanda ndi mnansi wake Mbahai. Ku Zimbabwe tinaona momwe mawu oti masankishoni anasandukira yankho la funso lililonse lokhudza umphawi, mpaka mu 2019 SADC inapatula tsiku la 25 Okutobala kuti likhale lotsutsa ziletsozo. Ku Iran kukhoza kuwonjezereka chinthu choopsa: gulu laling'ono lopanda chitetezo loti lilozedwe chala.

Sindikunena kuti kufinya chuma sikunagwirepo ntchito. Ife a ku Malawi tili ndi umboni wathu. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967. Pokana kugula khadi la chipani anamenyedwa, anawotcheredwa nyumba, anachotsedwa ntchito, ndipo mu 1972 zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia ndi ku Mozambique. Chiletso chawo chinatha mu 1993, patangopita chaka kuchokera pamene mayiko otithandiza, pa msonkhano wa ku Paris mu Meyi 1992, anaimitsa thandizo losakhala la chifundo. Koma taonani zimene zinalipo. Boma la Kamuzu Banda linkadalira kwambiri ndalama za mayiko omwewo ndipo linalibe kwina kolowera nkhondo ya mawu ya America ndi Soviet Union itatha. Mkati mwa dziko moto unali utayaka kale: kalata ya mabishopu a Katolika ya mu Malichi 1992, kumangidwa kwa Chakufwa Chihana, sitalaka za ku Blantyre. Chofunsidwa chinali chomveka, ndipo riferendamu ya pa 14 Juni 1993 inali khomo loti boma litulukirepo. Ku South Africa nakonso, amene anapempha ziletso anali oponderezedwa eni ake, omwe anali ochuluka m'dzikomo ndipo anavomera kusenza ululu wake.

Ku Iran zimenezi kulibe. Dzikolo lili ndi mafuta, ndipo gawo lalikulu la mafutawo limagulidwa ndi China. Abahai sakwana ngakhale munthu mmodzi pa anthu 200 alionse, salowa ndale za zipani, ndipo chikhulupiriro chawo chimawalamula kumvera boma m'zonse kupatula kukana chipembedzo chawo. Boma litawaletsa kukhala ndi mabungwe mu 1983, anawathetsa okha. Ngakhale pamene malonda anamangiriridwa mwachindunji ku ufulu wa gulu limodzi lachipembedzo, zotsatira zinali zosakanikirana. Mu 1974 America inakhazikitsa lamulo la Jackson ndi Vanik lofuna kukakamiza Soviet Union kulola Ayuda kutuluka. Poyamba Moscow inaumitsa khosi, ndipo chiwerengero cha otuluka chinatsika kuchoka pa pafupifupi 35,000 mu 1973 kufika pa pafupifupi 13,000 mu 1975. Pa njira zonse zimene ndikuyeza pano, iyi ndi imene ikuphonya kwambiri munthu wosaina uja.

Kulanga wolakwa ndi dzina lake

Njira yachiwiri imasiya mkhate n'kudikira khoswe yekha. Munthu amatchulidwa dzina, amakanizidwa viza, ndipo ndalama ndi katundu wake wa kunja zimatsekedwa. America inayamba izi pa Iran mu Seputembala 2010, pamene Barack Obama anatchula akuluakulu 8 chifukwa cha nkhanza za pambuyo pa chisankho cha 2009. European Union inatsatira mu Epulo 2011 ndi mayina 32. Nyumba ya malamulo ya America yakhala ikupempha mobwerezabwereza kuti mphamvu zomwezi zigwiritsidwe ntchito pa ozunza Abahai. Mu Disembala 2019 America inalanga woweruza Mohammad Moghiseh wa khoti la Revolutionary Court ku Tehran, ndipo pa zifukwa zake inatchula milandu imene iye anagamula Abahai chifukwa chosonkhana kupemphera.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Mwini sitolo sataya kanthu, mtengo wa mkate sukwera, ndipo boma limavutika kuuza anthu kuti kuletsa woweruza mmodzi kupita ku Paris ndi nkhondo yolimbana ndi mtundu wonse. Chinanso, njirayi imachotsa chophimba chija choti ndinkangotsatira lamulo. Koma tisadzinamize. Moghiseh anali kale pa mndandanda wa European Union kuyambira 2011, ndipo m'malo motsika anadzakwezedwa kupita ku khoti lalikulu. Ambiri mwa anthuwa alibe nyumba ku London kapena akaunti ku New York, ndipo kwa ena kulangidwa ndi azungu ndi chizindikiro cha kukhulupirika chimene chimawakweza pantchito. Njirayi ingakhale ndi mano itatsikira kwa amene ali ndi chotaya: mkulu wa yunivesite amene amachotsa ophunzira Achibahai koma akufuna kupita ku misonkhano ya maphunziro kunja, kapena mabungwe a boma amene amalandira minda ndi nyumba zolandidwa n'kumachita nazo malonda. Imafunanso kuti pakhale polowera ndi potulukira, wolangidwayo adziwe chimene ayenera kusiya kuti dzina lake lifufutidwe.

Mawu a ku Geneva ndi ku New York

Malipoti ndi zidzudzulo za United Nations ndi njira imene anthu amaiseka kwambiri, ati ndi mapepala chabe. Ine ndimaiona mosiyana, ndipo ndikhalitsapo pang'ono.

Mu 1955, mlaliki wina wotchuka dzina lake Falsafi analalikira pa wailesi ya boma mwezi wa Ramadan motsutsa Abahai, ndipo asilikali a Shah, mfumu ya Iran panthawiyo, anathandiza kugumula denga la likulu la Abahai ku Tehran. Abahai a m'mayiko ambiri anadandaula ku United Nations, nkhani inamveka dziko lonse, ndipo Shah, amene ankasamala mbiri yake kunja, anabwerera m'mbuyo. Ku Morocco mu 1962 Abahai atatu anagamulidwa kuti aphedwe ku Nador, koma phokoso la kunja litakula khoti lalikulu linafafaniza chigamulocho mu 1963. Panalibe chiletso cha malonda pa milandu iwiriyi. Panali maso a anthu basi.

Pa boma la pambuyo pa 1979, bungwe la United Nations loona za ufulu wa anthu linasankha nthumwi yapadera pa Iran mu 1984, ndipo msonkhano waukulu wa mayiko onse unayamba kudzudzula Iran mu 1985, ukutchula Abahai. M'zaka zomwezo kuphedwa kwa Abahai kunatsika kwambiri. Boma silinasinthe mtima, monga chikalata cha 1991 chikuchitira umboni, koma linaona kuti mitembo imaoneka ndipo imawerengedwa, pomwe mwana wokanizidwa sukulu saoneka. Kuchoka pa chingwe cha wonyonga kufika pa chidindo cha pachitseko si chilungamo, koma kwa banja limene bambo wake akadali moyo n'kusiyana kwakukulu. Ndipo chikalata chachinsinsicho tikuchidziwa lero chifukwa nthumwi ya United Nations, Reynaldo Galindo Pohl, inachiulula mu 1993. Mu 2006 Asma Jahangir, wofufuza wapadera pa ufulu wachipembedzo, anaululanso kalata ya likulu la asilikali yolamula kuti Abahai onse adziwike ndi kulondoledwa.

Umboni wina umachokera ku nthawi imene maso anatsinzina. Mu 2002 pempho lopitiriza ntchito ya nthumwi yapadera linagonja ndi voti imodzi, ndipo kwa zaka 9 kunalibe wofufuza woyang'ana Iran yokha. M'zaka zimenezo malo opatulika a Abahai anagumulidwa mu 2004, kumanga anthu kunachuluka, ndipo atsogoleri 7 aja anagwidwa. Udindowo unabwezeretsedwa mu 2011, ndipo waugwira Ahmed Shaheed, Asma Jahangir, Javaid Rehman, ndi Mai Sato kuyambira 2024. Iran yakana kuwalola kulowa m'dzikomo, pomwe mu Meyi 2022 inalandira ndi manja awiri Alena Douhan, wofufuza za kuipa kwa ziletso. Boma losasamala za mapepala silikanavutika kusankha woti alowe ndi woti asalowe, ndiponso silikanatumiza nthumwi zake chaka ndi chaka kukanyengerera mavoti.

Kufooka kwa njirayi n'kwakuti ilibe ndodo. Chidzudzulo chikhoza kubwerezedwa zaka 40 popanda mwana mmodzi kulowa ku yunivesite. Koma ndiyo maziko a zinazo: mayina a olangidwa, umboni wa m'khoti, ngakhale pempho la wothawa kwawo, zonse zimatsamira pa zolembedwa zimenezi. Ndiponso siilanda mwini sitolo khobidi ngakhale limodzi.

Kunong'ona kapena kufuula

Pakati pa mayiko pali kukambirana kwa m'chipinda, ndipo pali mawu a mtsogoleri pa wailesi. Zonsezi zili ndi mbiri yake pa nkhaniyi. Mu Meyi 1983 Ronald Reagan anapempha poyera kuti Abahai ogamulidwa kuphedwa ku Shiraz akhululukidwe. Ayatollah Khomeini, mtsogoleri wamkulu wa Iran panthawiyo, anayankha kuti pempho la America ndilo umboni wakuti anthuwo ndi akazitape, ndipo mwezi wotsatira ananyongedwa. Sindikuti Reagan akanakhala chete akanapulumuka, koma zikuonetsa kuti mwini mawu ndi wofunika monga mawuwo. Chimene Washington inganene n'kuputa mkwiyo, Pretoria, Brasília kapena Jakarta anganene n'kumveka.

Kunong'ona nako kuli ndi malire. European Union inachita zokambirana za ufulu wa anthu ndi Iran kuyambira 2002 mpaka 2004, ndipo Abahai sanapindulepo kanthu kooneka. Pa zokambirana za nyukiliya nkhani yawo inasiyidwa panja. Kumene njirayi inatulutsa anthu m'ndende ndi ku Yemen: Mbahai Hamed bin Haydara, amene khoti la a Houthi, gulu lolamulira mbali ya dzikolo, linamugamula kuti aphedwe mu Januwale 2018, anamasulidwa mu Julayi 2020 pamodzi ndi anzake asanu. Mtengo wake unali wakuti onsewo anakwezedwa ndege n'kutulutsidwa m'dziko. Kunong'ona kumapulumutsa munthu amene dzina lake ladziwika, ndipo kumagwira bwino pamene kunja kuli phokoso lomwe wozunzayo akufuna litazima.

Makhoti

Mu Epulo 2024 Human Rights Watch inanena kuti zimene boma la Iran lachita kwa Abahai pa zaka zonsezi zikufika pa mlandu wa chizunzo, umene malamulo a dziko lonse amauika pa milandu yolakwira mtundu wa anthu. Mawuwa ndi olemera, koma khoti loti liwamve n'lovuta kupeza. Iran inavomereza mu 1975 pangano la ufulu wa nzika ndi wandale, lomwe ndime yake 18 imateteza chipembedzo, koma si membala wa khoti la milandu ikuluikulu la ku The Hague. Kuti mlandu ukafike kumeneko pangafunike Security Council, khonsolo ya chitetezo ya United Nations, komwe Russia ndi China zili ndi mphamvu yokana.

Chotsala ndi makhoti a mayiko amene malamulo awo amalola kuzenga milandu yotere ngakhale inachitikira kwina. Sweden inachita zimenezi kwa Hamid Nouri, yemwe kale ankagwira ntchito kundende ku Iran, amene anagamulidwa mu Julayi 2022 kukhala m'ndende moyo wake wonse chifukwa cha kuphedwa kwa akaidi andale mu 1988. Mu Juni 2024 anabwezedwa ku Tehran posinthana akaidi. Chigamulo chilipobe ndipo umboni unalembedwa, koma abale a ophedwawo anamuona akutsika ndege ali mfulu. Makhoti a m'dziko mwenimwenimo anathandizapo ku Egypt, komwe mu 2009 Abahai analoledwa kukhala ndi zitupa zokhala ndi kamzere pa malo olembapo chipembedzo, atakhala zaka zingapo opanda zitupa. Ku Iran khomo limeneli n'lotseka, pakuti makhoti omwewo ndiwo anavomereza kulanda minda ya Abahai m'mudzi wa Ivel.

Kuwatulutsa, kapena kuwathandiza kukhala

Canada inalandira Abahai othawa ku Iran oposa 2,000 m'zaka za m'ma 1980. America, kuyambira 2004, inatsegulira a zipembedzo zazing'ono a ku Iran njira yapadera yodzera ku Vienna, ngakhale yakhala ikutsekedwa ndi kutsegulidwa malinga ndi ndale za ku Washington. Kwa munthu amene moyo wake uli pachiswe, palibe njira ina yoposa iyi, ndipo dziko lililonse lotseka khomo pamaso pake likulakwa. Komabe njirayi ikakhala yokhayo, imamalizira boma la Iran ntchito yake. Dziko lopanda Abahai ndilo likufunidwa, ndipo ambiri mwa iwo asankha kukhala chifukwa Iran ndi kwawo, kumene kuli manda a makolo awo ndi chiyambi cha chikhulupiriro chawo.

Okhalawo anapeza okha njira imene, m'kuona kwanga, yagonjetsa chikalata cha 1991 kuposa ina iliyonse. Mu 1987 anayambitsa sukulu yawo yaukachenjede, Bahá'í Institute for Higher Education, yodziwika mwachidule kuti BIHE. Aphunzitsi oyamba anali mapulofesa amene anachotsedwa m'mayunivesite a boma. Makalasi ankachitikira m'zipinda zochezera, m'makhitchini ndi m'zipinda za pansi pa nyumba, ndipo masiku ano zambiri zimayenda pa intaneti mothandizidwa ndi aphunzitsi odzipereka a m'mayiko ena. Boma linaithira nkhondo mu 1998, pamene nyumba mazanamazana zinasechedwa ndipo anthu 36 anamangidwa, ndiponso mu Meyi 2011, pamene aphunzitsi ena anagamulidwa zaka zinayi kapena zisanu. Chaka chomwecho Desmond Tutu ndi José Ramos-Horta, pulezidenti wa East Timor panthawiyo, analemba kalata yapoyera yopempha mayunivesite a dziko lonse kuima ndi sukuluyi. Sinatsekeke. Mayunivesite ambiri a kunja amalandira omaliza maphunziro ake kuti apitirize madigiri apamwamba.

Apa muyezo wanga uja ukutembenuka. Njirayi siimufika wosaina lamulo, koma imafika m'nyumba ya mwini sitolo n'kubweza chimene chinalandidwa kwa mwana wake. Ndipo apa pomwe ziletso za dziko lonse zimapwetekanso, chifukwa makampani a pa intaneti ndi mabanki akamatsekera aliyense wokhala ku Iran, wophunzira wa BIHE amatsekeredwa limodzi pa mapulogalamu a kompyuta, pa maphunziro a pa intaneti, ndi pa kulipira mayeso a kunja.

Nditati ndisankhe, ndingaike patsogolo zolemba za ku Geneva ndi sukulu ya m'makhitchini ija, ndiwonjezere kulanga olakwa ndi mayina awo, khomo la othawa likhale lotsegula, ndipo ziletso za malonda pa dziko lonse ndingazisiye kunja kwa nkhani ya Abahai. Ziwiri zoyambazo zilinso pafupi ndi ife kuposa mmene timaganizira. Khonsolo ya United Nations yoona za ufulu wa anthu ili ndi mipando 47, ndipo 13 mwa iyo ndi ya Africa. Malawi inakhala pa mpando umodzi kuyambira 2021 mpaka 2023, ndipo inasankhidwanso kuti ikhalepo kuyambira 2024 mpaka 2026. Ntchito ya wofufuza wapadera pa Iran imavoteredwa m'khonsolo imeneyi, ndipo mu 2002, m'bungwe limene linalipo khonsoloyi isanakhazikitsidwe, inafa ndi voti imodzi. Nzika ya dziko limene linathamangitsa a Mboni za Yehova kwa zaka 26 ili ndi chifukwa chofunsira phungu wake ndi unduna woona za ubale ndi mayiko ena kuti dzanja lathu limakwezedwa mbali iti. Yunivesite ya ku Zomba, ku Lusaka kapena ku Cape Town nayo ikalandira kalata ya wophunzira wa BIHE, ili ndi mphamvu yowerenga zimene iye anaphunzira n'kumupatsa malo, popanda kudikira chilolezo cha Tehran kapena cha Washington.